Kodi Lero Madzi Ali Bwanji?



M'mawa uliwonse tikamatuluka mu mzikiti, kusanayere bwinobwino, funso loyamba limene timafunsana panjira si la chimanga kapena la mpunga ayi. Timafunsana kuti, "Nyanja yadzuka bwanji?" Amene wachokera kugombe amayankha mwachidule: "Ili bwino," kapena "Yavuta." Yankho limeneli amalimva msodzi amene akufuna kukavuula matchera ake. Amalimvanso mayi amene wasenza zovala kukachapa, ana atatu akumutsata pambuyo, komanso wageni amene akufuna kukwera boti ndi madengu a usipa kupita kutsidya. Aliyense amalitenga ngati ndi lake. Apa ndi pamene pagona nkhani imene tafuna kuti tikambirane m'kalata ya mwezi uno.

Madzi amodzimodziwo akhoza kukomera msodzi koma n'kuipira mwana wosambira. Tsiku limene nyanja yagona ngati mphasa, wa boti amasekerera, koma ndi m'madzi odekha omwewo, m'mabango ndi m'maudzu, mmene nkhono za likodzo zimaswanirana. Tsiku limene madzi ada pamene mtsinje umathirira m'nyanja, mlamba umadya nyambo mosavuta, koma ng'ona nayo imakhala yabisala pomwepo. Choncho ife tikuona kuti funsoli tizilidula patatu. Madzi ali bwanji poyendapo? Ali bwanji posodza? Ali bwanji posamba, pochapa ndi potunga? Woyankha azinena chimene waona ndi maso ake. Munthu amene wangoyang'ana mafunde sangatiuze za ng'ona imene inaoneka dzulo madzulo kumabango.

Kupatsa madzi magiredi si chinthu chachilendo. Mu 1805 msilikali wina wa pamadzi wa ku Britain, Francis Beaufort, anakonza muyeso wa mphepo umene ukugwirabe ntchito mpaka lero, kuyambira pa 0 kukafika pa 12. Iye ankayang'ana mmene mphepo ikukankhira matanga a sitima, ndipo amene anabwera pambuyo pake anawonjezera maonekedwe a madzi. Chotikondweretsa n'chakuti muyesowu ndi wa maso, sufuna makina. Pa 0 madzi amakhala ngati galasi. Pa 3 timayamba kuona thovu loyera pamutu pa funde, apa ndi apo. Pa 4, pamene mphepo ikuthamanga makilomita 20 mpaka 28 pa ola, mafunde oyera mitu amachuluka. Pa 6, makilomita 39 mpaka 49 pa ola, nyanja yonse imayera, kumtunda nthambi zikuluzikulu za mitengo zimagwedezeka, mawaya a magetsi n'kumaimba mluzu. Ana athu amene ali ku Joni amatiuzanso kuti m'magombe a ku Durban amazika mbendera zofiira ndi chikasu, ndipo munthu amasambira pakati pa mbenderazo basi.

Ife magiredi 13 sitingawasunge m'mutu, ndipo kwa bwato la mtengo umodzi magiredi onse a kumtunda kwa 5 ndi chimodzimodzi, ndi imfa basi. Atatu akukwana: yagona, yatekeseka, yalusa. Yagona ndi pamene palibe funde loyera mutu. Yatekeseka ndi pamene mitu yoyera yayamba kuoneka apa ndi apo. Apa mabwato asatalikire, ana ndi okalamba asakwere. Yalusa ndi pamene mitu yoyera yadzaza paliponse, ndipo chilichonse chimakokedwera pamchenga, kaya chili ndi injini kaya ayi. Nthambi yoona zanyengo ikalengeza pa wailesi kuti kukubwera mwera wothamanga makilomita 40 pa ola kapena kuposa, tizidziwa kuti akunena giredi yachitatuyi, ngakhale pagombe pathu paoneke pa bata.

Mawu oti "ngakhale paoneke pa bata" tiwaonetsetse, chifukwa ndi amene atimalizira anyamata. Mwera umaomba kuchokera kumwera chakuvuma, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Funde limafuna mtunda kuti likule. Mphepo ikangochoka kumtunda n'kugwera pamadzi, funde limakhala laling'ono, koma ikayenda makilomita ambirimbiri pamadzi limakula. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550, ndiye mwera ukamafika ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay umakhala utanyamula mafunde aatali kuposa munthu. Anzathu a kumeneko mwera suwanamiza, amauona ukuswa pamchenga ndipo amakhala pansi n'kumasoka maukonde. Onamizika ndife amene magombe athu ali ndi mapiri kumbuyo, monga mbali ya Malindi ndi Makanjira, kumene mphepo ya kumwera chakuvuma kapena ya vuma imachokera kumtunda. Pagombe madzi amakhala osalala. Kupita kumakhala kokoma, mphepo ikukukankha kumsana, nkhafi ikupepuka. Pobwerera m'pamene munthu amazindikira kuti akupalasa koma gombe silikuyandikira.

N'chifukwa chake woyeza nyanja asamayang'ane pamapazi pake. Akwere pachulu kapena pamwala, ayang'ane kutali kumene madzi amakumana ndi thambo. Mzere umenewo ukakhala woongoka ngati ulusi, kunja kuli bwino. Ukamaoneka ngati mano a sowo, kapena madzi a kutali akachita mdima wobiriwira ndi timadontho toyera, nyanja yalusa kale, kungoti sinafike kwa ife. Ayang'anenso kumtunda: nsonga za migwalangwa ndi mibulugamu, utsi wa pamene akuwamba nsomba, mitambo imene ikuthamanga pamwamba pa phiri. Mphepo yochokera kumtunda tiziiwerengera giredi imodzi pamwamba pa imene maso akuona.

Amene amati boti lalikulu siliopa mphepo akumbukire sitima ya Vipya. Inali yatsopano, yachitsulo, ya injini. Inamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja, kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anathera momwemo. Mwezi wake ndi womwewu wa mwera. Kumpotoko nyanja imazama mpaka mamita 700.

Mpoto ndi wina. Mwera umapereka ulemu, umayamba pang'onopang'ono ndipo umatha kukhala masiku atatu kapena sabata. Mpoto wa nthawi ya dzinja umabwera ngati mlendo wosaodira. Kunja kumatentha, mphepo kuti zii, kenaka mtambo wakuda wautali ngati chulu umamera kumpoto kapena pamwamba pa mapiri a kutsidya, kamphepo kozizira n'kukupsopsona kumaso. Kamphepo kameneko ndi belu lomaliza. Ife a kumwera kwa nyanja mpoto umatipeza utayenda nyanja yonse, ndiye umatibwezera zimene mwera umachitira anzathu a kumpoto. Mphezi nayo tiziiyeza. Kung'anima kukachitika tiziwerenga mpaka bingu limveke. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Tikawerenga osafika pa 30, mphezi ili pa mtunda woti n'kutifika, ndipo pamadzi palibe mtengo wautali woposa munthu amene waimirira m'bwato. Ana tiziwaphunzitsanso kusiyanitsa nkhungu ndi kamvuluvulu wa pamadzi. Nkhungu zimakwera kuchokera pamadzi ngati utsi wa lupsa ndipo zimayenda ndi mphepo. Kamvuluvulu amalendewera kuchokera ku mtambo wakuda ngati chitamba cha njovu, pansi pake madzi akuwira. Winayo ndi ndiwo, winayo ndi wothawa.

A ku Malombe ndi ku Chilwa asamati izi ndi za nyanja yaikulu. Nyanja yosaya imalusa msanga. Funde lake ndi lalifupi, lotsatizana, silipatsa bwato mpata wokwera ndi kutsika. Limangomenya n'kumathira madzi mkati. Pansi pake ndi matope, ndipo munthu wogweramo ngakhale pofika m'khosi amatitimira miyendo.

Giredi ya nyanja payokha sikwanira ngati sitiyeza chombocho. Boti limodzimodzi m'mawa likupita lopanda kanthu ndi lina, madzulo likubwera ndi matumba a chimanga, njinga zamoto ziwiri ndi anthu okhala mpaka m'milomo mwake ndi linanso. Tisanakwere tiziyang'ana mpata umene watsala pakati pa madzi ndi mlomo wa boti. Ngati munthu wokhala mkati akukhudza madzi ndi zala osawerama, ndiye kuti ngakhale nyanja yongotekeseka ilimiza. Tiziyang'ana ngati muli chokapira madzi, nkhafi zapadera poti injini imazima, ndi majekete oyandamitsa. Majekete ndi odula, tikudziwa. Koma chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino n'kumangiriridwa chingwe, chimayandamitsa munthu wamkulu, ndipo palibe khomo la msodzi lopanda chigubu. Foni tiziikulunga m'jumbo. Bwato likagadabuzika tisalisiye. Mtengo sumira msanga, ndipo ofunafuna amaona bwato patali pamene mutu wa munthu sauona. Ambiri amene tawasambitsa anali odziwa kusambira, ndipo n'kudziwako kumene kunawachotsa pabwato.

Tsono pali funso limene pagombe salikonda: amene amagamula kuti lero tipita ndi ndani? Kawirikawiri ndi mwini chilimira, amene amatsala kumtunda. Wagula petulo pangongole, mwera watha masiku anayi, usipa wakwera mtengo, ogula ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe akhala pamchenga ndi ndalama m'manja. Alovi nawo kunyumba ufa watha. Njala imachititsa maso kuona nyanja yolusa ngati yongotekeseka. Zaka zapitazo, m'mwezi wa Julayi, mnyamata wina amene tinamuphunzitsa tokha alifu ndi bee ku madrasa anapita usiku wotere. Iye ndi amene anali siginala, wokhala yekha m'bwato la nyali. Akuluakulu awiri ananena madzulo ake kuti kunja sikuli bwino, koma ananena chapansipansi, ngati nkhani yocheza, ndipo ifenso tinamva koma tinangodutsa. Anzake anabwerako m'bandakucha ndi boti. Iye tinamupeza patapita masiku anayi, pagombe la anthu ena, kutali chakumpoto. Mkazi wake anali ndi pakati pa mwana woyamba. Pamaliro anthu ankati zinalembedwa, ndipo sititsutsa. Koma amene ankanena zimenezo ndi omwewo amene usiku amatsekera mbuzi zao m'khola kuopa fisi.

Chimene tinaphunzirapo n'chakuti chenjezo lonenedwa chapansipansi silithandiza. Mlovi mmodzi sangakanire bwana wake, mawa ntchito imuthera. Koma giredi ikalengezedwa poyera ndi komiti ya pagombe, pamaso pa amfumu, wokana sakhala akukanira bwana. Amakhala akumvera gombe.

Za usodzi weniweni, owerenga ambiri akutiposa, ndiye sitichulukitsa. Tonse tikudziwa kuti usipa wa kauni umafuna mdima. Mwezi ukafika pa 13, 14 ndi 15, kuwala kwake kumaposa nyali zathu ndipo nsomba sizisonkhana. Amene amapita masiku amenewo amangootcha petulo. Chimene ena sachidziwa n'chakuti mwera womwe timaudandaulawu ndi umene umatidyetsa. Ukaomba masiku angapo umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kuno kumwera kumatumphuka madzi ozizira a pansi, amene amabwera ndi chonde ngati manyowa m'munda. Tizilombo ting'onoting'ono timene usipa ndi utaka zimadya timachuluka. N'chifukwa chake chigawo cha Mangochi chili ndi nsomba zambiri kuposa zigawo zakuya za kumpoto. Wodikira kuti mwera udutse sataya kanthu, nsomba zake akazipeza. Koma madzi ozizirawo amafoola msanga munthu amene wagweramo usiku, komanso anyamata amene amamira pansi kukamanga nkacha. Ndipo pansi penipeni pa nyanja, kupitirira mamita 250, madzi ake alibe mpweya. Tikadzuka n'kupeza nsomba zambiri zayandama zakufa pambuyo pa chimphepo, nthawi zina chifukwa chake chimakhala madzi osowa mpweya otere, nthawi zina ndi mankhwala ochokera kumtunda. Ndi maso sitingasiyanitse, ndiye tisatole. Tiuze alangizi a zausodzi.

Palinso nthawi imene madzi amati inde koma lamulo likuti ayi. Mu Novembala ndi Disembala nyanja imagona bwino m'mawa, chambo chili pafupi ndi gombe, koma chabwera kudzaswa, ndipo make amasunga ana m'kamwa. Kukoka khoka nthawi imeneyo kuli ngati kukazinga mbewu. Anzathu a ku chilumba cha Mbenji ku Salima akhala akutseka okha usodzi miyezi ya dzinja kwa zaka zambiri, motsogozedwa ndi mafumu ao, ndipo akatsegula timaona tokha mmene anthu amakhamukira kumeneko. A ku Malombe angatiuze bwino chimene chimachitika chambo chikatha n'kutsala kambuzi.

Tibwere ku funso lachitatu, la amayi ndi ana, limene amuna pagombe saliyankha chifukwa salifunsidwa. Apa maso amanama kuposa pena paliponse. Madzi oyera mbee, oti ukuona mchenga pansi, akhoza kukhala ndi likodzo. Kachilombo kake kamatuluka m'nkhono zazing'ono za m'madzi, n'kuboola khungu la munthu amene waimamo, popanda kuluma kapena kupweteka. Kamakula m'thupi, mazira ake n'kumatuluka ndi mkodzo. Wodwalayo akakodzera m'madzi, mazirawo amaswa n'kulowanso m'nkhono. Ndiye kuyeza malo osambira n'kuyang'ana zinthu izi: kodi madzi ndi osaya, odekha, ofunda? Pali udzu, bango kapena namasupuni? Pali tizigoba ta nkhono m'mphepete? Anthu amadzithandiza pafupi? Tizilomboti timatuluka kwambiri dzuwa likakwera, chakumasana, nthawi yomweyo imene ana aweruka kusukulu n'kuthamangira kumadzi.

Kale tinkati gombe la mchenga woyera lopanda udzu lilibe likodzo. Ofufuza amene anagwira ntchito ku Chembe anapeza kuti pali mtundu wina wa nkhono umene umakhala pamchenga penipeni, ndipo unachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono. Taonani mmene zinthu zimalumikizirana: neti ya udzudzu imene bambo akukokera tinsomba m'mphepete ndi imene ikubweretsa magazi mu mkodzo wa mwana wake. Ndipo tisamanamizane kuti mnyamata kukodza magazi ndiye kuti wakula. Ndi matenda, amawononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo kwa amayi amabweretsa zilonda za mkati ndi mavuto a uchembere. Mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa m'sukulu ndi kuchipatala; ana akabwera nawo uthenga tisawaletse. Madzi osamba ndi a wudhu tikawatunga n'kuwasunga m'ndowa masiku awiri athunthu, kapena kuwawiritsa, tizilombo ta likodzo timafa. Amene timatawadha kunyanja kasanu pa tsiku tiganizirepo.

Kusunga masiku awiriko sikupha kolera. Ameneyo amafuna kuwiritsa kapena kolorini. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Pambuyo pa mvula yamphamvu, zonse za kutchire ndi za m'zimbudzi zosefukira zimatsikira kunyanja. Masiku awiri kapena atatu otsatira, madzi a m'mphepete tiziwaika pa giredi yofiira ngakhale ayere bwanji, makamaka pa madoko a anthu ambiri opanda zimbudzi. Asodzi a m'zimbowera za pa Chilwa, amene amamwa, kuphika ndi kudzithandiza pamadzi amodzi, amadziwa bwino za zimenezi.

Ng'ona ili ndi nzeru ya mlenje. Imaloweza chizolowezi cha munthu. Mayi amene amatsuka mbale pamwala womwewo, nthawi yomweyo ya chisisira, tsiku ndi tsiku, ndi amene imamudikira. Imakonda pothirira mitsinje, m'mabango, m'madzi akuda ndi pamene timataya matumbo a nsomba. Nthawi yake ndi m'bandakucha, madzulo ndi usiku, ndipo imachita changu kwambiri miyezi yotentha ndi ya dzinja. Zizindikiro zilipo kwa wofuna kuona: mkwasa wa mimba ndi mchira pamatope, mbuzi kapena galu wosowa, matchera ong'ambidwa chibowo chachikulu. Ng'ona ikaoneka pamalo, malowo atsekedwe ndipo uthenga ufike kwa amfumu ndi a zanyama zakutchire, osati kungouzana awiri. Kumene anthu anazika mpanda wa mitengo m'madzi kuti amayi azitungira mkati mwake, anachita chanzeru. Mvuu nayo, makamaka ya mwana, sifuna bwato pakati pa iyo ndi madzi akuya. Mu Meyi 2023 mvuu inagubuduza bwato lodzaza anthu pa Shire ku Nsanje, ndipo ambiri mwa iwo ankangopita kuminda yao kutsidya monga mwa masiku onse.

Kunena za minda ya kutsidya kwatifikitsa ku mitsinje, kumene alimi timafera. Mtsinje sutiuza za mvula ya kwathu, umatiuza za mvula ya kumene wachokera. Linthipe akhoza kudzaza ku Salima dzuwa likuswa mtengo, chifukwa yagwa ku Dedza ndi ku Lilongwe usiku. Bua amanyamula madzi kuchokera ku Mchinji. Timitsinje tathu ta m'mapiri a Namwera ndi Namizimu n'tachangu kuposa pamenepo: m'mawa waoloka pamchenga wouma kupita kudimba, masana ukupeza chigumula. Paja akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Tikafika pa mtsinje tisathamangire kukwinya buluku. Tiyang'ane kaye mtundu wa madzi. Akafiira ngati dothi la katondo, akumanyamula zinyalala, mapesi, nthambi ndi thovu, ndiye kuti akukwera. Tizike kamtengo pamalire a madzi n'kukhala pansi mphindi 15. Kakamira, mutu wa chigumula sunafike, tibwerere. Tiponye kamtengo kena pakati n'kuyenda nako m'mbali. Ngati kakutisiya m'mbuyo ife tikuyenda ndawala, ndipo madziwo ndi opitirira m'mawondo, sitioloka. Madzi othamanga ofika m'ntchafu amagwetsa mwamuna wamphamvu, nanji mayi wa mwana kumsana ndi dengu pamutu, nanji mwana wa sukulu amene kwa iye m'mawondo mwathu ndi m'chiuno. Tikamva miyala ikugundana pansi, nkhani yatha. Pokhota mtsinje, mbali ya kunja ndi yakuya ndipo gombe lake limakhala lodyeka kunsi. Poolokera pabwino ndi potambalala, poongoka. Tioloke ndi ndodo, nkhope kumene madzi akuchokera, katundu womasuka woti n'kumutaya. Mtsinje wa m'phiri umaphwa msanga monga umadzazira. Kugona kutsidya kwa achibale usiku umodzi si manyazi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera, anatisiyiranso vuto lina: mitsinje yambiri inasintha njira, ndipo madooko amene makolo athu ankaolokera ena anakumbika, ena anakwiririka. Dooko lililonse liziyesedwa mwatsopano dzinja likayamba.

Nyanja nayo imasuntha malire. Chaka chilichonse imakwera ndi mvula n'kufika pachimake cha m'ma Epulo ndi Meyi, kenaka imatsika mpaka Novembala kapena Disembala, kusiyana kwake pafupifupi mita imodzi. Pa zaka zambiri imasintha koposa apo. Cha m'ma 1915 inatsika kwambiri, Shire n'kuleka kutuluka bwino mpaka 1935, pamene mu 2024 tonse tinaona ikulowa m'nyumba, m'minda ya mpunga ndi m'malo ogona alendo. Chilwa anauma mu 1995 ndipo anatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti pamene mwana ankaima madzi ali m'chiuno chaka chatha, chaka chino pakhoza kumumiza. Pansi pa madzi atsopanowo pali zitsa, maziko a nyumba, mawaya a mipanda ndi maenje a zimbudzi. Mnyamata wodumphira chamutu pamalo amene sanawayeze ndi nsungwi akuseweretsa khosi lake, ndipo wa injini wothamanga pamene kale panali munda adzasiya pulopela pa chitsa. Ana osakwana zaka khumi asamapite kumadzi popanda wamkulu amene ntchito yake ndi kuwayang'ana basi. Mayi amene akuchapa maso ake ali pa zovala, ndipo mwana womira sakuwa.

Tinakambirana zimenezi ndi akuluakulu a pagombe lathu, ndipo maganizo amene anatuluka ndi awa. Pazikidwe mtengo wautali poonekera, pakhale nsalu zitatu: yoyera, yachikasu, yofiira. Nsalu ya pamtengo izinena za mphepo ndi mafunde okha, ndipo izikwezedwa kawiri, m'mawa kukangoyera ndi madzulo a kauni asananyamuke. Oikweza akhale awiri, msodzi wachikulire amene analeka kupita panyanja ndi wina wa komiti amene ali ndi wailesi kapena foni yolandirira uthenga wa zanyengo. Asakhale mwini ukonde, asakhalenso wogula nsomba. Awiriwo akasiyana maganizo, ikwere nsalu ya amene akuopa kwambiri. Za kosambira ndi kochapira zikhale ndi chizindikiro chake pamalo pomwepo, kansalu kofiira pa bango, ndipo oyang'anira akhale amayi, poti ndi amene amadziwa pamene ng'ona yaonekera ndi khomo limene mwalowa kutsegula m'mimba. Pa dooko la mtsinje pazikidwe mtengo wolembedwa ndi penti pa msinkhu wa mawondo a mwana wa Sitandade 3.

Mkulu wina anafunsa kuti, "Nanga mwini chilimira akaona yofiira n'kutumizabe anyamata, mudzamutani?" Ena anati chindapusa cha mbuzi, ena anati ukonde wake ukhale kumtunda sabata imodzi, ena anati zimenezo n'za amfumu. Sitinamvane, ndipo tidzakhalanso pansi Lachisanu likubwerali tikatuluka ku Jumu'ah. Eni maukonde ndi alovi onse abwere, amayinso asatsale. Mtengo wa bulugamu ulipo kale kuseri kwa madrasa. Chikusowa ndi chingwe cha mamita 12 ndi nsalu yachikasu.